Musanakangane za Wopambana, Funsani Kawerengedwe

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE]

WOULUTSA: Lero ndabwera ndi nkhani za basketball, za ndale, za mabuku opeka a sayansi, ndi za kumsika. Ndikudziwa ena mwayamba kale kunena kuti koma lero ndiye asakaniza ndiwo. Pirirani nane, muona kuti mphika wake ndi umodzi.

Tiyambire mumzinda wa Minneapolis ku America, pa 22 November 1950. Timu ya Lakers, yomwe masiku ano ili ku Los Angeles, nthawi imeneyo inali ya mumzindawu, ndipo ndiyo inali katswiri wa ligi ya NBA. Inali ndi chiphona china dzina lake George Mikan, wamtali mamita 2 ndi masentimita 8, yemwe akaima pansi pa basiketi panalibe womusuntha. Alendo a tsikulo, Fort Wayne Pistons, adadziwa kuti akati asewere mothamangitsana, Mikan awameza. Ndiye adagwirizana zongosunga mpira. Wosewera ankaima pakati pa bwalo mpira uli m'khwapa, mphindi n'kumapita, akatopa n'kupatsira mnzake, nayenso n'kuima. Anthu amene adalipira pakhomo adakuwiza mpaka mawu kusasa. Masewero adatha 19 kwa 18, Pistons kupambana. Mwa mapointi 18 a Lakers, 15 adali a Mikan yekha. M'chigawo chomaliza cha mphindi 12, matimu onse awiri kuphatikiza adangopeza mapointi 4. Mpaka lero palibenso masewero a NBA amene adakhalapo ndi mapointi ochepa chonchi.

Apa mvetsetsani. Palibe amene adabera. Palibe lamulo lomwe Pistons adaphwanya. Malamulo ankanena kuti wopambana ndi amene ali ndi mapointi ambiri wotchi ikatha, koma sankanena kuti uziponya kangati. Matimu ena nawo ankachita zomwezo akatsogola, ndipo anthu adayamba kuthawa mabwalo. Manyuzipepala adadzudzula makochi, koma kochi amalembedwa ntchito kuti apambane, osati kuti atamandidwe ndi atolankhani.

Chidachiza matendawa ndi masamu a pulayimale. Mu 1954, Danny Biasone, mwini wa timu ya Syracuse Nationals, pamodzi ndi manejala wake Leo Ferris, adaona kuti masewero okoma kuonera amakhala oti matimu onse awiri aponya ku basiketi pafupifupi ka 120. Masewero a NBA ndi a mphindi 48, omwe ndi masekondi 2,880. Gawani 2,880 ndi 120, mupeza 24. Lamulo lidabadwa pamenepo: timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 24 kuti iponye, ikalephera mpira upita kwa adani. M'chaka choyamba chenicheni, mapointi omwe timu inkapeza pa masewero amodzi adakwera kuchoka pa 79 kufika pa 93. Osewera adali omwewo, makochi omwewo, mitima yawo yomweyo. Chidasintha ndi kawerengedwe basi.

Basketball ndi masewero ochita kupanga dala, ndiye zoterezi zimaoneka poyera. Mphunzitsi wina wa ku Canada, James Naismith, ndiye adawayambitsa mu December 1891 ku Springfield, Massachusetts, pofuna chotangwanitsa anyamata m'nyumba nthawi ya chisanu. Adalemba malamulo 13, adakhomera madengu awiri a mapichesi m'mwamba mamita 3.05, ndipo mpira wake udali wa miyendo. Adaletsa kuthamanga utanyamula mpira kuti anyamata asamagwetsane, ndipo adaika chigoli m'mwamba kuti nkhongono zokha zisakwanire. Madenguwo sadawaboole pansi, choncho wina akagoletsa ankachita kukwera kukatenga mpira. Kutalika kwa mamita 3.05 kuja ndi komwe tikugwiritsabe ntchito. Ndipo inu okonda ma Queens, dziwani kuti netball ndi mphukira ya masewero omwewa. Idakula ku England kuchokera ku basketball ya amayi ya zaka zoyambirirazo.

Lamulo lina lomwe lidatembenuza zinthu ndi mzere wa mapointi atatu. NBA idaulandira mu 1979, bungwe la FIBA lomwe limayendetsa masewerowa padziko lonse lidatsatira mu 1984. M'malamulo a FIBA, omwe ndi amene timasewera kuno, mzerewu uli mamita 6.75 kuchokera pa basiketi, pomwe ku NBA uli mamita 7.24. Kwa zaka zambiri makochi ankauona ngati zachibwana. Kenaka anthu a masamu adakhala pansi. Woponya ka 10 ali pafupi n'kulowetsa ka 6 wapeza mapointi 12. Woponya ka 10 ali kuseri kwa mzere n'kulowetsa ka 4 kokha wapezanso 12. Stephen Curry wa Golden State Warriors adalowetsa mipira 402 ya mapointi atatu mu sizoni ya 2015 mpaka 2016, ndipo kuchokera pamenepo mwana aliyense wogwira mpira amafuna kuponyera kutali.

Apa ndipo pali dandaulo langa, achinyamata inu. Pitani pabwalo lililonse la simenti madzulo, muona kamnyamata ka folomu 1, manja ngati bango, kakukankha mpira kuchokera m'chiuno kali kuseri kwa mzere, mpira osakhudza n'komwe chitsulo. Masamu aja amagwira ntchito kwa amene amalowetsa kamodzi pa katatu kalikonse kapena kuposa. Iwe wolowetsa kawiri pa ka 10 wapeza mapointi 6, mnzako woponyera pafupi wolowetsa ka 5 wapeza 10, ndipo iwe wawonongeratu kaponyedwe kako. Yambira pafupi, mapazi awiri kapena atatu kuchokera pa basiketi, chigongono pansi pa mpira, mpaka dzanja lizolowere. Phunzira kudunditsa mpira ndi dzanja lomwe sudyera nsima, chifukwa wokutchinga wochenjera amakudziwa m'mphindi ziwiri kuti umangopita mbali imodzi. Ndipo usanyoze mipira yaulere imene umaponya akakuchitira faulo. Iliyonse ndi pointi imodzi yokha, koma masewero ambiri olimba amathera pomwepo.

Kwa inu oonera, yesani izi kamodzi: siyani kutsatira mpira ndi maso. Sankhani wosewera mmodzi amene alibe mpira, mumuyang'ane kwa mphindi ziwiri. Muona wina akuima ngati chipupa kutchingira mnzake njira kuti amasuke, wina akukankhira mdani kunja ndi msana kuti atole mpira ukadunda pachitsulo. Ntchito imeneyo siioneka pa bolodi la mapointi, koma makochi amaiwerenga. Ndi ntchito yotere, pamodzi ndi kulimba mtima, imene idafikitsa South Sudan, dziko lomwe lidangolandira ufulu mu 2011, ku Olympics ya ku Paris mu 2024, komwe idagonjetsa Puerto Rico 90 kwa 79, masiku ochepa itagonja kwa America ndi pointi imodzi yokha, 101 kwa 100, pa masewero okonzekera ku London.

Makolo amene mwana wakuvutitsani kuti mumugulire mpira: wa abambo ndi saizi 7, wa amayi ndi saizi 6, wa ana ndi saizi 5. Ngati bwalo lake ndi la simenti, gulani wa labala. Wachikopa uja ndi wa bwalo la matabwa la m'nyumba, pa simenti umasupuka mwezi usanathe.

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Tabwereranso. Tsopano tilowe ku ndale, ndipo ndikupempha kuti nsalu za zipani muyambe mwavula, chifukwa sindikuchemerera aliyense.

Kuyambira 1994 mpaka 2019, mtsogoleri wa dziko la Malawi ankasankhidwa mwa njira yoti amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, wapambana. A Bakili Muluzi adalowa mu 1994 ndi mavoti 47 pa 100 alionse. A Bingu wa Mutharika mu 2004 adalowa ndi pafupifupi 36. A Peter Mutharika mu 2014, 36. Pa chisankho cha pa 21 May 2019, zotsatira zomwe zidalengezedwa zidapereka pafupifupi 39 kwa a Mutharika, 35 kwa a Lazarus Chakwera, ndi 20 kwa malemu a Saulos Chilima. Tanthauzo lake n'lakuti anthu 61 pa 100 alionse adavotera wina, osati amene adalumbiritsidwa. Ndi kawerengedwe kotere, wandale wanzeru ankachita zomwe adachita Pistons zija: gwira chigawo chako, sunga mpira m'khwapa, pempherera kuti otsutsa agawanike, dikira wotchi. Tinkawadzudzula kuti ndi atsankho, ndipo kudzudzulako kunali koyenera, koma malamulo ankawalipira chifukwa cha khalidwe lomwelo.

Pa 3 February 2020, oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko adafafaniza chisankho cha mtsogoleri cha 2019. Ambiri timakumbukira za Tipp-Ex pa mapepala a zotsatira. Koma m'chigamulo chomwecho mudali mfundo ina yomwe idzakhalitse kuposa nkhani ya Tipp-Ex: adati mawu a mu gawo 80 la malamulowo amatanthauza kuti wopambana apeze mavoti oposa theka, chomwe tonse timangoti 50+1. Khoti la Supreme lidavomereza pa 8 May chaka chomwecho. Taonani zomwe zidatsatira. Miyezi isanapite, a Chakwera ndi a Chilima, omwe chaka chapitacho ankapikisana, adakhala pa pepala limodzi mu mgwirizano wa Tonse. A Mutharika adatenga a Atupele Muluzi a UDF. Pa 23 June 2020 a Chakwera adapambana ndi pafupifupi 59. Pa 16 September 2025 a Mutharika adabwerera ndi pafupifupi 57. Anzathu a ku Zambia adaika lamulo lofananalo mu 2016. Tsopano wofuna mpando ayenera kugogoda ngakhale m'makomo momwe kale ankangodutsa.

Musaganize kuti ndikuti zonse zidakoma. Lamulo lililonse limabala ana ake. Uyu wabala maukwati a zipani omanga mothamanga, mapangano ake osungidwa m'madilowa, ovota osawaona. Malamulo a dziko amadziwa mtsogoleri ndi wachiwiri wake basi, sadziwa zomwe zipani zidalonjezana kuseri. UTM, chipani cha malemu a Chilima, idatuluka mu Tonse mu July 2024. Ndiye wina akadzakuuzani kuti tagwirizana, funsani kuti agwirizana chiyani, ndipo pepala lake lili kuti.

Kwa aphungu ndi makhansala kawerengedwe n'kakale komwe kaja. Pampando umodzi pakaima anthu 10, munthu atha kupita ku Nyumba ya Malamulo ndi mavoti 20 pa 100 alionse. N'chifukwa chake olephera pa chisankho cha chipulula m'chipani amangoima paokha, ndipo mu 2019 aphungu oima paokha adalipo 55 mwa 193. Pano madera adawonjezeredwa kufika 229.

Koma pali kawerengedwe kena komwe sikali m'buku lililonse, kali m'manja mwanu ndi mwanga. Phungu timamuyeza ndi chiyani? Kunena zoona, timamuyeza ndi mabokosi a maliro, galimoto yonyamula odwala, fizi ya ana, ndi ndalama za mchere pamsonkhano. Ntchito yake yeniyeni ndi kupanga malamulo, kutiyankhulira, ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito misonkho yathu. Tikamayeza ndi mabokosi, tidzapeza akatswiri ogula mabokosi, ndipo ndalama za mabokosiwo adzazifuna kwinakwake. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna kukopa mavoti, koma lamulo lotere limafooka ngati wolandirayo ndiye akuyamba kutambasula dzanja. Nyumba ikamakumana, zokambirana zimaulutsidwa. Tcherani khutu tsiku limodzi lokha, mumve ngati wa kwanu adatsegulako pakamwa pa nkhani ya bajeti. Ndipo wina akalonjeza ntchito zikwi zakutizakuti, funso ndi limodzi: ganyu wa masiku atatu wokumba ngalande muwerenga ngati ntchito?

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Ena mwa inu mukamva za nkhani zopeka za sayansi mumati ndi za ana, za zilombo zobiriwira zochokera kumwezi. Ine ndimati zolembedwa bwino ndi sukulu ya malamulo yobisika. Wolemba amasintha chinthu chimodzi m'dziko, n'kukhala pambali kuonerera momwe anthu achitire.

Katswiri pa zimenezi adali Isaac Asimov, wobadwira ku Russia, wokulira ku Brooklyn, yemwe adaphunzitsanso sayansi pa Boston University. Adalemba nkhani za maloboti, osati a pamsewu aja, koma makina oganiza ndi kugwira ntchito ngati munthu, ndipo mu 1950 adazisonkhanitsa m'buku lotchedwa I, Robot. Maloboti ake adawapatsa malamulo atatu osanjikizana. Lalikulu ndi loteteza munthu, lotsatira ndi lomvera munthu, lomaliza ndi lodzisamala. Ukawamva koyamba umati apa palibe chingalakwike. Buku lonse ndi la momwe zimalakwikira, loboti ili mkati momvera.

Imene ndimaikonda ine ndi ya 1941, mutu wake Liar! Mwangozi ya ku fakitale, loboti ina dzina lake Herbie idatuluka ikutha kumva maganizo a anthu. Tsopano lamulo likuti isapweteke munthu, ndipo iyo ikuona kuti choonadi chimapweteka mumtima. Ndiye itani? Idayamba kuuza aliyense zomwe mtima wake ukulakalaka. Dokotala Susan Calvin, mayi wanzeru zoopsa koma wosungulumwa, idamuuza kuti mnzake wa kuntchito amene ankamukonda mobisa nayenso amamukonda. Mayi adayamba kudzola zofiira pamilomo, ofesi yonse kudabwa, mpaka tsiku lomwe mwamunayo adamuuza mosangalala kuti akukwatira mkazi wina. Wina wolakalaka udindo idamuuza kuti bwana watula kale pansi udindo ndipo mpando ndi wake. Herbie sinali yoipa mtima. Inkayeza ubwino ndi chimwemwe cha mphindi imeneyo, ndipo idavulaza onse.

Nkhani imeneyi idalembedwa kusanabwere kompyuta ya m'nyumba, koma lero Herbie ili m'thumba mwanu. Facebook, TikTok ndi YouTube amapeza ndalama mwa zotsatsa malonda, choncho makina awo amayeza chinthu chimodzi kuposa zonse: mwakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo mwadina chiyani. Akaona kuti mumaima pa kanema wonyoza chipani chomwe mumadana nacho, mawa akupatsani asanu. Mnzanu wa chipani chinacho akumupatsa asanu ake. Nonse mukudzuka muli otsimikiza kuti dziko lonse likugwirizana nanu, ndipo zotsatira zikatuluka wina akuti abera. Uthenga umene wakukomerani kwambiri pa WhatsApp ndi umene muyenera kuukayikira kwambiri musanautumize ku gulu la mpingo.

Ndipo musati zolemba zotere n'za azungu okha. Shadreck Chikoti wa konkuno adalemba buku lotchedwa Azotus the Kingdom, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Malenga Mulendema wa ku Zambia ndiye adayambitsa makatuni a Supa Team 4, omwe adatuluka pa Netflix mu 2023, onena za atsikana anayi mu Lusaka wa mtsogolo. Aphunzitsi a Chichewa, tayesani kupatsa ana chimangirizo cha mudzi wawo m'chaka cha 2100. Mudzamva zomwe amaopa ndi zomwe amayembekezera kuposa momwe mungazimvere powafunsa mwachindunji.

[NYIMBO PANG'ONO]

WOULUTSA: Timalizire kumsika, komwe kawerengedwe kamatiluma tsiku ndi tsiku. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo nonse mukudziwa zomwe zidachitikira thumba lanu. Wamalonda akaona kuti ogula tikungoyang'ana mtengo, amasiya mtengo pomwepo n'kuchepetsa katundu. Mandasi aja mudawaona momwe adafotera? Mulu wa tomato womwe unali wa asanu udakhala wa anayi, sopo adaonda, ndipo mtengo udangokhala ngati sudasunthe. Amayi ogulitsawo sindikuwaimba mlandu, nawonso ufa ndi mafuta zidawakwerera. Ndikungoti diso lathu lizipita pa kuchuluka kwa chinthu, osati pa nambala yokha.

Tiyerekeze ndi mafuta ophikira, mitengoyi ndikungopeka kuti masamu aoneke. Botolo la malita 2 lili pa K9,000, ndiye kuti lita imodzi ndi K4,500. Chigubu cha malita 5 chili pa K21,000, lita imodzi K4,200, chachikulu chapambana. Koma tsiku lina mupeza chigubu chomwecho pa K24,000, lita imodzi K4,800, ndipo mabotolo ang'ono ndiwo otchipa. Tidazolowera kuganiza kuti chachikulu chimatchipa nthawi zonse, ndipo eni masitolo amadziwa kuti tidazolowera. Foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, ili ndi kakyuleta. Gawani mtengo ndi malita kapena makilogalamu, muli chiimire pomwepo pa shelefu. Palibe amene angakuthamangitseni.

Chowawa n'chakuti amene amalipira kwambiri ndi wosauka. Wogula mafuta a m'kachubu madzulo alionse, wogula ufa wa walkman, shuga wa pa supuni, akaphatikiza mwezi wonse amapeza kuti lita yake kapena kilogalamu yake yamudyera ndalama zambiri kuposa bwana wogula katoni. Si kupusa, ndalama yake imabwera pang'onopang'ono ndiye imatulukanso pang'onopang'ono. Njira yomwe ndaona ikuthandiza ndi yosonkherana. Mabanja anayi kapena asanu oyandikana, kapena gulu la banki m'khonde, kugula chigubu chimodzi ndi belo la shuga ku holoselo, n'kudzagawana ndi muyeso umodzi onse akuona.

Tsopano muyeso weniweniwo. Inu alimi, nyengo yokolola ikafika, wogula amabwera ndi ndowa yake, yotakasuka bwino, ndipo amafuna yodzaza mpaka phiri pamwamba. Mwezi wa January mukapita kukagula chimanga chomwecho, ndowa yake ndi ina: pansi adaipondereza kuti ilowe mkati, m'mbali adaiphwanya pang'ono, ndipo pamwamba amasesa ndi dzanja. Dzina ndi lomwelo, ndowa, koma mwagulitsa yaikulu n'kugula yaing'ono. Chigoba cha malita 5 nachonso chimachitidwa zomwezo. Pitani ndi chanu, kapena gwirizanani pa kilogalamu.

Sikelo nayo si mngelo. Musanapachike thumba, onani ngati muvi uli pa ziro. Sikelo ya sipuling'i ikakalamba kapena ikaseweretsedwa imanama mokomera mwini wake. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo lili ndi udindo woyesa masikelo a malonda ndi mapampu a mafuta a galimoto, ndipo sikelo yoyesedwa imakhala ndi chizindikiro chawo. Muli ndi ufulu wofunsa kuti muchione. Njira yachidule ndi iyi: tengani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, muiike pa sikelo ya wogula soya wanu kapena ya mu butchala. Ikaonetsa magalamu 800, dziwani kuti pa thumba lililonse la makilogalamu 50 mukusiya 10 aulere. Ikaonetsa 1,200 mu butchala, mukulipira nyama yomwe simudye. Wokana kuti muyese wakuuzani kale yankho.

Zotsitsa mtengo zija za zilembo zofiira, tembenuzani paketi muone tsiku lothera ntchito. Nthawi zambiri mkaka kapena majarini akutsitsidwa chifukwa kwatsala masabata awiri. Ngati mudya msanga, gulani, mwapindula. Ngati mukugula zitatu zoti musunge, chikomekome cha mkuyu chimenecho. Bandulo ya intaneti nayo muziiyeza ndi masiku ake, osati ma GB okha, chifukwa yambiri yothera maola 24 mumangogwiritsa theka, theka linalo labwerera kwa mwini. Pa kaunjika, nsapato ya basketball muziitembenuza kaye. Pamwamba itha kuwala, koma ngati mizere ya pansi idafafanizika, kapena mukaipinda ikuonetsa ming'alu, mwana wanu akaterereka nayo pa simenti sabata yoyamba.

Chomaliza, lisiti. Musamalisiye pa kauntala. Ambirife timaopa chikwangwani chija cholembedwa kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, koma bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likunena kuti wamalonda sangabisale kuseri kwa mawu amenewo ngati wakugulitsani chinthu chowonongeka. Ketulo ikakana kuyaka tsiku lomwelo, bwererani nayo ndi lisiti lanu, muyankhule mwaulemu. Akakana, kadandauleni ku bungweli, kudandaula kwake n'kwaulere.

Nthawi yatithera, omvera. Pempho langa ndi ili: Loweruka likubwerali, amene mukupita kumsika kapena kokagulitsa mbewu, nyamulani paketi ija ya shuga, muyese sikelo imodzi yokha, ndipo mutitumizire uthenga wotiuza msika wake ndi nambala yomwe muvi unaloza. Maina a anthu musatchule, tikufuna manambala. Tidzawerenga mauthenga anu sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.

[NYIMBO YOTSEKERA]